Tsiku Limene Anadzayeza Phokoso

Anabwera Lachiwiri, mpunga wa ku Bua utadzaza khonde,
mtsikana wa ku ofesi ya zantchito,
nsapato zakuda zomwe gaga wathu sanachedwe kuziyeretsa.
M'manja ananyamula kachipangizo konga foni yakale,
kumutu kwake kampira ka siponji.
Ati limenelo ndi khutu,
khutu losaopa bwana.

A Sumaili anali atamva dzulo lake.
Makina aakulu aja, amene timawatcha Namondwe,
anawafunditsa lona, ati ngowonongeka.
Tinangoliza aang'ono awiri.
Komabe manambala anakwera ngati mtengo wa feteleza:
eyite-eyiti, nayinte-wani, nayinte-folo.
Iye anakweza nsidze. Ine ndinaseka chamumtima:
mwana iwe, lerotu kuli zii.

Anaima pamene ndimaima ine,
pambali pa lamba, pomwe mapazi anga anakumba simenti,
nayandikiza kakhutu kake ku khutu langa lamanzere.
Milomo yake inagwedera.
Ndinakuwa kuti, "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi!"
Lifa anagwera pamatumba ndi phwete.
Kani amafunsa dzina langa.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, analankhula mondiyang'ana,
pang'onopang'ono, monga amachitira anamwino.
Ati m'kati mwa khutu muli tiubweya
tonga mbande za mpunga pa nazale.
Phokoso likapyola eyite-faifi, tsiku lonse, chaka ndi chaka,
timagona pansi.
Mpunga ukagwa ndi mphepo umadzuka,
koma timeneti sitidzuka,
ndipo sipeyala yake kulibe, ngakhale ku Lilongwe.
Ndinamuonetsa thonje langa lofiira ndi fumbi.
Ati, "Bambo Mwinjiro, uku n'kutseka Bua ndi lichero."

Pamenepo ndinayamba kuwerenga amene anandichokera osatsanzika.
Nkhululu ndizo zinayamba;
ndinkati zatha ndi mankhwala a m'munda.
Kenaka belu la kabaza:
kawiri konse andigunda pa msika wa pa boma,
ine n'kumatukwana anyamata osalakwa.
Nangondo analeka kundiitana;
akafuna kuti nditembenuke amandigenda ndi chitsononkho.
Pa maliro ndimagwedeza mutu ena akagwedeza.
Mdzukulu wanga Zione amandinong'oneza zinsinsi zake zonse,
ndipo palibe wosunga chinsinsi woposa ine.

Mtsikana uja analemba tsamba lathunthu:
amange mabawuti olobodoka,
aike labala pansi pa injini,
khoma pakati pa makina ndi sikelo,
anthu azisinthana pa lamba, asamatherepo tsiku,
zovala kumakutu aliyense zake,
ine ndipite kuchipatala akandiyeze.
A Sumaili anasayina, diso lili pa kakyuleta.
Galimoto isanafike pa mphambano,
lona linachoka, Namondwe anadzuka.

Zovala kumakutu zinabwera mwezi wotsatira,
ziwiri, ife tilipo asanu ndi awiri.
Zachikasu, zokongola, zonunkha sitolo.
Anandipatsa chimodzi poti ndine wamkulu.
Ndinachivala theka la tsiku, kenaka ndinaitana Chikaiko,
mnyamata wayamba Juni yemweyu,
amene ndalama yachitsulo ikagwa kuseri kwa matumba
amatembenukabe.
Ndinamuveka ndekha.
Khola lothawa mbuzi silivuta chitseko.

Koma mtsikana wa nsapato zakuda iwe,
ukadzabweranso ku Nkhotakota
usadzathere kuchigayo.
Udzafike kwathu pakati pa usiku,
magetsi atathima boma lonse,
Nangondo ali m'tulo, agalu atatopa.
Udzaike kachipangizo kako pa pilo wanga.
Ndikudziwa, kadzati palibe kanthu.
Pomwe muno m'mutu muli mluzu
wosapuma Lachisanu, wosapuma Lamulungu,
ndipo kuseri kwake Namondwe akupunthabe mpunga
wopanda mwini, wopanda malipiro.
Amenewo udzawalemba nambala yanji?